Asukulu afunse buku la kusikelo, koma asabweze mwana

Nyengo yozizira ikafika, nthambi ya zamaphunziro m'chigawo cha Gauteng kuno ku South Africa imatsegula kalembera wa pa intaneti wa ana okayamba Grade 1 ndi Grade 8 chaka chamawa, ndipo m'nyumba za Amalawi ku Mayfair, ku Rosettenville, ku Diepsloot ndi ku Cosmo City mumayamba kalikiliki wofunafuna mapepala. Kalata ya kubadwa kwa mwana, umboni wa pamene banja likukhala, pasipoti ya kholo, zonsezi timazidziwa ndipo timazidera nkhawa chaka chonse. Chimene chimatidzidzimutsa ndi mzere wonena kuti mwana wa Grade 1 abwere ndi umboni wa katemera. Wobadwira ku Rahima Moosa kapena ku Baragwanath alibe vuto, anatuluka m'chipatala buku la kusikelo la kuno, Road to Health Booklet, lili m'manja mwa mayi ake. Koma pali mwana wobadwira ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay, amene anakwera basi yodzera ku Mwanza ndi ku Beitbridge ali ndi zaka zitatu. Buku lake la kusikelo mwina linatsala m'sutikesi ya agogo. Mwina lilipo, koma mayina a katemera ndi miyezi yolembedwamo sizikufanana ndi zimene kalaliki wa pasukulu anazolowera kuona.

Apa m'pamene makolo ena amagwira njakata n'kuchita zinthu zoipitsa nkhani: kubwereka buku la mwana wa mnansi, kulipira munthu kuti adinde chidindo pa buku lopanda kanthu, kapena kungomusiya mwana pakhomo chaka chathunthu. Ine ndikuti sukulu ili ndi chifukwa chomveka chofunsira bukulo, ndipo tisamaone funsolo ngati nkhanza yochitira alendo. Koma ntchito ya funsolo ndi kutumiza mwana kukiliniki. Likasanduka chifukwa chomubwezera pachipata ndiye kuti laphonya, chifukwa mwana wobwezedwa amakhalabe wopanda katemera monga analili, kungoti tsopano alibenso sukulu.

Ndondomeko ya boma la South Africa yolembera ana m'sukulu za boma, imene inatuluka mu 1998, inatchula matenda asanu ndi amodzi amene kholo liyenera kuonetsa kuti mwana anatetezedwako: poliyo, chikuku, chifuwa chachikulu, difiteriya, kafumbata ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Ambiri amawerenga n'kulekera pomwepo, chonsecho chiganizo chotsatira ndicho chasenza nkhani yonse. Chimati kholo likalephera kuonetsa umboniwo, mphunzitsi wamkulu alilangize zokabayitsa mwana, popeza katemera ndi waulere m'makiliniki a boma. Sanalembe kuti amubweze. Mu Disembala 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Makhanda, pa mlandu umene bungwe loteteza ufulu wa ana la Centre for Child Law linasumira nduna ya zamaphunziro, linagamula kuti mwana asaletsedwe kulowa sukulu chifukwa chosowa mapepala, kaya ndi mbadwa kaya ndi mlendo, popeza gawo 29 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa maphunziro oyambirira kwa aliyense. Lamulo la zamaphunziro la BELA, limene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira mu Seputembala 2024, linalimbitsa mfundo yomweyo n'kuwonjezera kuti Grade R ndi yokakamiza. Boma lomwelo silingauze kholo kuti tumizani mwana kusukulu, kenako n'kumutsekera chitseko akafika.

Koma wina asamve ngati ndikuti bukulo n'lachabe. Ife Amalawi chikuku tikuchidziwa. Mu 2010 chinagwira anthu pafupifupi 134,000 kwathu n'kupha oposa 300. Kuno nako pakati pa 2009 ndi 2011 anapezeka nacho oposa 18,000, ndipo chinabukanso kumapeto kwa 2022 kuyambira ku Limpopo, mpaka boma linachititsa kampeni yobaya ana a miyezi 6 mpaka zaka 15 kumayambiriro kwa 2023. Chikuku sichidikira kuti ana agwirane. Kachilombo kake kamatha kutsala mumpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri wodwalayo atatuluka, ndipo mwana mmodzi angapatsire anzake 12 mpaka 18 ngati onsewo sanabayidwe. N'chifukwa chake pamafunika kuti ana 95 mwa 100 aliwonse alandire katemera kawiri kuti matendawa asowe podutsa. Tsono taganizirani kalasi ya Grade 1 ku Ivory Park kapena ku Alexandra, ana othinana, mazenera otseka chifukwa cha chisanu cha mu Juni. M'kalasimo mutha kukhala mwana amene ali pa mankhwala a khansa ndipo sangabayidwe, ndipo ana ambiri akaweruka amakanyamula makanda kunyumba amene tsiku lawo la katemera silinafike. Mphunzitsi wamkulu akamafunsa buku amafunsira amenewo, ndipo ena mwa iwo ndi athu omwe.

Amene akuganiza kuti matenda amaima pachipata cha dziko akumbukire Febuluwale 2022, pamene boma la Malawi linalengeza kuti mtsikana wa zaka zitatu ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo, patatha zaka 30 chionekere matendawa kwathu. Kuyeza kwake kunachitikira konkuno, ku NICD, bungwe la boma lofufuza matenda opatsirana, ku Sandringham, ndipo kunapezeka kuti mtundu wa kachilomboko unachokera ku Pakistan. Patangopita miyezi yochepa kanapezekanso m'chigawo cha Tete, kumene mabasi athu amadutsa usiku ndi usana.

Tsopano tiyale mabuku awiriwa pamodzi, chifukwa mantha ambiri amabwera poti sitinawayerekezepo.

Poyambira amafanana. Khanda likangobadwa, kwathu ndi kuno komwe, limalandira BCG woteteza ku chifuwa chachikulu, uja amasiya chipsera pamkono, ndi madontho a poliyo mkamwa. Pa masabata 6, 10 ndi 14 kwathu mwana amabayidwa jakisoni amene alangizi a zaumoyo amangoti penta, woteteza ku matenda asanu: difiteriya, chifuwa chokoka mtima, kafumbata, hepatitis B, ndi kachilombo ka Hib kamene kamayambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Wa poliyo amabwera padera, madontho, n'kuwonjezera jakisoni pa masabata 14. Kuno matenda asanu omwewo anawaphatikiza ndi poliyo m'jakisoni mmodzi, ndipo m'buku amalemba DTaP-IPV-Hib-HBV. Kalaliki wofunafuna zilembo zimenezi m'buku la kwathu sazipeza, amapeza DPT-HepB-Hib, n'kuganiza kuti mwana sanabayidwe. Anabayidwa ndithu. Ndiponso mbali yoteteza chifuwa chokoka mtima mu penta ndi ya mtundu wakale, umene umatenthetsa thupi kwambiri tsiku lobayalo koma chitetezo chake chimakhalitsa kuposa cha mtundu watsopano umene amabaya kuno. Wa rota, woteteza kutsegula m'mimba, uliko mbali zonse ziwiri. Wa chibayo, PCV, kwathu amabaya katatu motsatizana, pa masabata 6, 10 ndi 14, pamene kuno amabaya pa masabata 6 ndi 14 n'kusunga wachitatu mpaka miyezi 9.

Kusiyana kwakukulu kuli pa chikuku. Kwathu woyamba ndi pa miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 15. Kuno ndi pa miyezi 6 ndi miyezi 12. Ku Britain ndi ku America woyamba amadikira mpaka mwana atakwanitsa chaka. Kholo limadabwa kuti nanga wolondola ndani, koma pali chifukwa. Khanda limabadwa ndi chitetezo chochokera kwa mayi ake, chimene chimalitchinjiriza miyezi yoyamba komanso chimafooketsa katemera akabwera msanga. Ndiye dziko lililonse limayeza mbali ziwiri: kudikira kuti katemera agwire bwino, kapena kufulumira matenda asanafike. Kumene chikuku n'chosowa amatha kudikira. Kumene chimayendayenda sangadikire. South Africa inkabaya pa miyezi 9 ndi 18, ndipo inasintha cha m'ma 2016, mwa zina pofuna kuteteza makanda amene ankadwala asanakwane miyezi 9. Zili ngati kubzala. Mlimi wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa sabzala tsiku limodzi, koma palibe anganene kuti mnzake sadziwa ulimi, mvula yawo ndiyo yosiyana.

Ndikufuna makolo anzanga amve ichi bwino, chifukwa ena timapereka buku la kwathu mwamanyazi ngati chinthu chotsika. Pa zina Malawi ili patsogolo. Katemera wa rubella, matenda aja amaoneka opepuka kwa mwana koma amapundula khanda m'mimba akagwira mayi woyembekezera, kwathu anamuphatikiza ndi wa chikuku mu 2017. M'makiliniki a boma kuno anangolowa mu 2024, chaka chimene rubella inabuka kwambiri m'dziko muno. Ndiye kuti mwana wobadwira ku Zomba mu 2019 ali ndi chitetezo chimene mnzake wobadwira ku Soweto chaka chomwecho sanalandire kukiliniki ya boma ali khanda. Wa tayifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ndipo kuyambira 2023 ali pa ndandanda ya kwathu. Wa malungo, Malawi ndiyo inayamba kumupereka kusikelo padziko lonse, mu Epulo 2019, m'maboma ena, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Awiriwa m'buku la kuno mulibe, ndipo wa malungo sangakhalemo chifukwa mu Johannesburg mulibe udzudzu wofalitsa matendawa.

Koma pa zina buku la kwathu limatha msanga, ndipo apa m'pamene pali mpata weniweni. Mwana akalandira wachikuku wachiwiri, makolo ambiri kumudzi amati wamaliza sikelo, buku n'kulowa m'sutikesi. Kuno ulendo umapitirira. Pa miyezi 18 pali jakisoni wachinayi wa DTaP-IPV-Hib-HBV uja. Pa zaka 6 pali wina wobwereza wa kafumbata ndi difiteriya, amene kuyambira 2024 anamuwonjezera mbali ya chifuwa chokoka mtima ndipo amalembedwa Tdap, ndiye pa zaka 12 amabweranso. Bungwe la WHO limalangiza majakisoni atatu oyambirira ndi atatu obwereza, chifukwa chitetezo cha difiteriya ndi kafumbata chimazilala mwana akamakula. Difiteriya si nthano ya makedzana. Inapha ana ku KwaZulu-Natal mu 2015, ndipo yakhala ikuonekanso ku Western Cape kuyambira 2023. Mwana wochokera kwathu ali ndi zaka zitatu, buku lake lodzaza bwinobwino, nthawi zambiri alibe wa miyezi 18 uja, ndipo wa zaka 6 amamupeza chaka chomwe akuyamba Grade 1. Buku lake n'loona, koma kwa mwana wokhala kuno silinathe.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi ana oyenda pakati pa maiko awiriwa akadali aang'ono, ndipo ndi ambiri, chifukwa moyo wa ku Joni ndi wotero. Mayi amabereka kuno, tchuthi chikatha abwana akumufuna, ndiye mwana amapita kwa agogo. Kapena amakachira kumudzi n'kubwera ndi khanda kumbuyo. Tengani khanda lobadwira ku Balaka limene lafika kuno lili ndi miyezi 7. Kwathu linali lisanafike tsiku la chikuku, kuno tsikulo linadutsa kale mwezi watha, ndipo mayi akatsatira deti lolembedwa m'buku la kwathu adikira miyezi ina iwiri pakati pa ana amene anzake onse anabayidwa. Tengani lina lobadwira ku Tembisa limene lapita kumudzi lili ndi miyezi 5. Lalandira wa chibayo kawiri kokha, wachitatu amayenera kubwera pa miyezi 9, koma kusikelo ya kwathu pa miyezi 9 palibe amene amayembekezera kubaya wa chibayo, pokhapokha mlangizi atawerenga bukulo mofatsa. Lachitatu lalandira wachikuku woyamba ku Machinga, lakwera basi lili ndi chaka, ndipo wachiwiri wa miyezi 15 watayika m'chipwirikiti chofuna malo ogona ndi ganyu. Palibe kholo lokana katemera pa atatuwa. Onse amakonda ana awo. Ana angogwera pakati pa makalendala awiri, ndipo tsiku lolembetsa sukulu ndilo limakhala loyamba kuti munthu wina atsegule buku n'kuona mpatawo. N'chifukwa chake ndikuti afunse.

Maiko ena amachita bwanji? Ku America zigawo zonse 50 zakhala zikufuna umboni wa katemera mwana asanalowe sukulu, kusiyana kwake kuli pa amene amaloledwa kukana. California inachotsa mwayi wokana pa zifukwa za chikhulupiriro mu 2015, chikuku chitabuka kuchokera ku Disneyland, ndipo New York inachita chimodzimodzi mu 2019. Britain ndiyo ili mbali inayo: palibe lamulo lokakamiza, sukulu siingakane mwana chifukwa cha katemera, amangodalira kulimbikitsa makolo. Zotsatira zake sizosiririka kwenikweni, chikuku chinavuta ku Birmingham ndi ku London mu 2023 ndi 2024. Australia kuyambira 2016 imadula ndalama zina zimene boma limathandizira mabanja ngati mwana sanabayidwe. Italy mu 2017 inakakamiza akatemera 10: mwana wosabayidwa salowa kusukulu ya mkaka, ndipo akafika zaka 6 amalowa pulayimale koma makolo amalipitsidwa mayuro 100 mpaka 500. Germany kuyambira Malichi 2020 imafuna umboni wa chikuku. Kusukulu ya mkaka amatha kukana mwana, koma wa msinkhu wa sukulu sabwezedwa, chifukwa sukulu n'njokakamiza. Asukulu amangodziwitsa ofesi ya zaumoyo, imene imalondola makolo, ndipo chindapusa chimatha kufika mayuro 2,500.

Achimwene ndi achemwali amene muli ndi maganizo opitirira ulendo kupita ku Britain kapena ku America, dziwani kuti kumeneko wachikuku wobayidwa mwana asanakwane chaka sawerengedwa. Wa miyezi 6 wa kuno ndi wa miyezi 9 wa kwathu onse adzawadumpha, ndipo adzabayanso katemera wawo wa chikuku ndi rubella, amene ali ndi mbali ya matsagwidi imene mabuku athu onse awiri alibe. Musadzakwiye, sakunyoza buku lanu.

Mwa njira zonsezi, imene ili pafupi ndi chilungamo kwa ine ndi ya Germany, osati chifukwa cha chindapusa, chimene mayi wochapa zovala m'nyumba za anthu ku Randburg sangachione n'komwe, koma chifukwa inalekanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri amazisakaniza: mwana amalowa m'kalasi, ndipo nkhani ya katemera siiiwalika. Kufooka kwa ndondomeko ya 1998 ya kuno kuli pomwepa. Imati mphunzitsi wamkulu alangize, koma akalangiza, ndani amabwera mwezi wamawa kudzaona ngati mwana anapitadi? Nthawi zambiri palibe. Kalaliki wina amabweza kholo mwaukali, wina amangolandira pepala lililonse lokhala ndi chidindo osaliwerenga, ndipo onse awiri amasiya mwana wosabayidwa.

Ndikudziwa chimene ena angayankhe, ndipo si chopepuka. Angati mukalola mwana wosabayidwa kulowa, mwaika pachiswe uja wa khansa amene mwamutchula nokha, ndipo mwapatsa mpata makolo okana dala. Zoona, okana dala alipo. Ku Zimbabwe mu 2022 chikuku chinapha ana oposa 700, ambiri ochokera m'mipingo yoletsa mankhwala, ndipo kwathu mipingo yotere tili nayo. Koma tiyang'ane amene chipata chotseka chimamugwira mumzinda uno. Wokana dala amene ali ndi ndalama amapeza sukulu yolipira kapena amaphunzitsa mwana kunyumba. Wogwidwa ndi mayi amene buku linanyowa mushaki mvula itasefukira, kapena linapsa, kapena lili kumudzi. Mwana wake akabwezedwa sachoka mu Johannesburg. Amasewera ndi ana omwewo madzulo, amakwera nawo takisi, amapemphera nawo Lamulungu kapena Lachisanu. Chikuku chimamupezabe n'kupitirira kwa anzake, kungoti tsopano dzina lake silili pa kaundula aliyense amene namwino angamupezerepo. Mwana amene ali m'kalasi ndiye wosavuta kumufikira.

Njira yake ilipo kale. Dziko lino lili ndi ndondomeko ya zaumoyo m'sukulu ya 2012, ndipo kuyambira 2014 anamwino amayenda m'sukulu za pulayimale za boma kubaya atsikana katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene kwathu anayamba mu 2019. Ngati anamwino amafika kale pasukulu ndi mabokosi ozizira, sukulu iliyonse ilembe mayina a ana a Grade R ndi Grade 1 amene mabuku awo ali ndi mipata kapena alibe buku, makolo asaine chilolezo, ndipo teremu yoyamba isanathe anawo abayidwe pomwepo. Kholo lokanabe pambuyo pa zonsezi ndilo loyenera kukumana ndi a zaumoyo ndi a zachisamaliro cha ana. Ndipo kuwerenga buku lochokera kunja isakhale ntchito ya kalaliki, amene sanaphunzire zimenezo. Ndi ntchito ya namwino. Pepala limodzi loyerekeza ndandanda ya Malawi, Zimbabwe, Mozambique ndi Lesotho ndi ya kuno, litapachikidwa m'kiliniki iliyonse ya mumzinda uno, lingathetse mikangano yambiri, ndipo ofesi ya kazembe wathu ikanayenera kukhala yoyamba kulipempha ndi kuligawa m'mipingo ndi m'mizikiti imene timasonkhana.

Pali chinthu china chimene sindingachilambalale. N'kupanda chilungamo kufunsa buku pachipata cha sukulu pamene wina waima pachipata cha kiliniki kuletsa mayi yemweyo kulowa. Mu 2025 tinaona a gulu lolimbana ndi alendo la Operation Dudula akuima pamakiliniki kufunsa anthu ziphaso n'kubweza alendo, kuphatikizapo amayi obereka ana kumbuyo. Chonsecho ana osakwana zaka 6 ndi amayi oyembekezera akhala akulandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma kuyambira 1994, ndipo mu Epulo 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linatsimikiza kuti ufulu umenewu suyang'ana dziko lochokera kapena mapepala. Mu Novembala 2025 bwalo lomwelo linaletsa gululi kufunsa anthu ziphaso ndi kutseka zipata za makiliniki. Amene amabweza khanda la Mmalawi tsiku la katemera sakupulumutsa ndalama za dziko lake. Jakisoni mmodzi n'ngotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi bedi la mwana wodwala chibayo cha chikuku, ndipo kachilomboko kakalowa m'kalasi sikafunsa kuti wa ku Soweto ndani, wa ku Salima ndani.

Tsopano za ife eni. Buku lobwereka kapena logula ndi choipa chachikulu chimene kholo lingachitire mwana pa nkhaniyi. Limatsegula chipata tsiku limodzi, koma kuyambira pamenepo namwino aliyense wolitsegula adzakhulupirira kuti mwana n'ngotetezedwa ndipo sadzamubaya. Tsiku limene adzaponde msomali wadzimbiri, dokotala adzawerenga bodza n'kuganiza kuti kafumbata sangamugwire. Palibe chifukwa chofikira pamenepo. Ngati buku lili kumudzi, foni ndi yomweyi timatumizira ndalama mwezi ndi mwezi: "Amayi, tandipezereni buku la kusikelo la mdzukulu wanu, ajambule masamba onse anditumizire pa WhatsApp, lenilenilo mupatsire wobwera." Likafika, pitani nalo kukiliniki miyezi ingapo kalembera asanatsegulidwe, osati sabata yomaliza, mukanene poyera: "Sister, mwanayu anabadwira ku Malawi, buku lake ndi ili, taonani chimene chatsala." Katemera akadukiza sayambiranso poyamba, amapitiriza pamene analekera, ngakhale papite zaka. Ngati buku linatayikiratu, nenani zoona. Namwino amaona msinkhu wa mwana, amayang'ana chipsera cha BCG, amafunsa zimene mukukumbukira, n'kuyamba kubaya zoyenera msinkhuwo, ndipo kubwereza katemera amene mwana analandira kale sikumuvulaza. Buku la kwathu musalitaye mukalandira la kuno, asungeni pamodzi, chifukwa mwanayu tsiku lina adzafunika kusikelo kapena kuchipatala cha kumudzi.

Abambo, nkhaniyi tinaisiyira amayi kalekale, ndipo kumudzi mwina zinkatheka chifukwa mlangizi wa zaumoyo ankabwera yekha pa njinga pansi pa mtengo, mfumu italengeza dzulo lake. Kuno palibe amene adzagogode pachitseko cha chipinda chakuseri kwa nyumba ya eni ake. Mayi akapita kukaima pamzere wa kukiliniki amataya malipiro a tsiku, nthawi zina ntchito yomwe. Bambo amene ali ndi tsiku lopuma pakati pa sabata atha kunyamula mwana ndi buku, palibe namwino amene adzamubweze chifukwa ndi mwamuna. Ndipo mphekesera zimene zinatsala m'mafoni mwathu kuyambira nthawi ya Covid-19, zoti katemera amatseka mimba kapena ndi chizindikiro cha chilombo, tisamazitumize kwa anzathu tisanadzifunse kuti ife amene tili ndi chipsera pamkono tinabereka bwanji ana amene tikuwalembetsa sukuluwa.

Mukamapita kumudzi mu Disembala ndi mwana wobadwira kuno, kumbukirani kuti thupi lake malungo siliwadziwa, ndipo palibe chilichonse m'buku lake chomuteteza. Funsani kukiliniki za mankhwala opewera musananyamuke, agone m'neti usiku uliwonse, ndipo akatentha thupi mutabwerera, uzani namwino msanga kuti munali ku Malawi.

Chotsala ndi jakisoni wa zaka 12. Pa kalembera wa Grade 8 buku la katemera salifunsa, ndiye ana ochepa okha ndi amene amamulandira, a eni dziko ndi athu omwe. Ngati muli ndi mwana wa Grade 6 kapena Grade 7, tsegulani tsamba la katemera m'buku lake muone mzere womalizawo. Ukakhala wopanda deti, kiliniki ya boma imabaya mwaulere, ndipo simufunika kudikira kalata yochokera kusukulu.